Nkhanga za Khosi Loduka

"Ankolo, bwanji nkhanga zanu zonse n'zoduka khosi?"

Anafunsa choncho Vanessa, mwana wa bambo Bester Kalinde, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, tsiku lina atasuzumira m'galaja la aneba awo ku Mississauga, m'dziko la Canada. A Victor Mataka anaseka mpaka kutsokomola. Ananyamula chikombole chimodzi n'kuchiloza kuwindo kuti mwanayo aone. Chinali chipepala cha ekisireyi, chija madokotala amajambulapo m'chifuwa, chimene iwo anachiboola ndi kampeni mpaka kutuluka chithunzi cha nkhanga. Ena amati sitensulo, koma a Victor ankati chikombole, ngati cha njerwa. Umachiyala pansalu, n'kudinda penti ndi siponji m'mabowomo. Ukachinyamula, nkhanga yatsala pansalupo.

"Pakhosipa ndi pa mlatho," anatero a Victor. "Ndikadula mozungulira monse, chapakatichi chigwa, nkhanga isanduka dzenje. Kamlathoka ndi kamene kagwira zonse. Penti safikapo, ndiye iwe ukuona ngati khosi laduka."

Vanessa tsopano ali ku yunivesite, ndipo funso lake analiiwala kalekale. A Victor anatisiya chaka chatha. Koma a Kalinde analikumbukira funsolo sabata imene zikombole zinabedwa.

Linali Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Febuluwale. A Kalinde anali ndi fosholo m'manja, akukankha chipale chofewa panjira ya galimoto, pamene sutikesi inatuluka pakhomo la aneba ikugubuduka n'kukagwera m'chipalemo. Inatsatira nsapato imodzi, kenaka mabuku.

"Tuluka! Njoka ndinaifungatira ndekha!"

Anali mayi Kettie, mkazi wamasiye wa a Victor, ataima pakhomo ndi masilipasi okha m'kuzizira konseko. Pansi pa masitepe panali Sungeni, mtsikana wophunzira unamwino amene ankakhala m'chipinda chapansi cha nyumbayo kwa miyezi khumi. Ankatola mabuku ake limodzilimodzi, osalira.

"Mayi Mataka, kwagwanji m'mawa uno?"

"Kwagwa wakuba, bambo a Vanessa! Wakuba wodya m'mbale yanga. Taonani zala zakezo!"

M'zikhadabo za Sungeni munali penti wabuluu.

"Amayi, si Loweruka lomweli munandiuza kuti nditsuke masiponji?"

"Tseka pakamwapo! Ndakupatsa mpaka Lachisanu masana. Zikombole za mwamuna wanga zikapanda kubwera, ndikakusiya m'manja mwa apolisi, tione ngati mapepala ako a sukuluwo akhalabe. Ubwerera ku Mponela ndi pulasitiki m'manja!"

Sungeni anakoka sutikesi yake n'kulunjika kokwerera basi. Mateyala a sutikesiyo ankakana m'chipale, iye n'kumangoikwekwereza.

A Kalinde anaimika fosholo. Asanabwere ku Canada anagwirapo ntchito ya ukalaliki m'khoti ku Dedza zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anatolako chinthu chimodzi: wokuwa kwambiri sakhala wolakwa nthawi zonse, komanso sakhala wolondola nthawi zonse.

"Tandionetsani pamene zinali."

M'galajamo munkanunkha penti ndi chinyontho. Mayi Kettie anakweza thabwa lolemera limene linali pashelefu. Pansi pake panalibe kanthu.

"Zinali apa, mu envelopu yakhaki ija. Zikombole zisanu ndi ziwiri, mtundu uliwonse wa penti ndi chikombole chake. Loweruka ndinazibweza ndi manja anga. Dzulo madzulo ndifuna ndiyambe nsalu za chikumbutso cha malemu, palibe! Patsala masabata atatu, bambo a Vanessa. Azimayi makumi anayi akudikira zitenje."

"Chitseko chinathyoledwa?"

"Ayi. Amene analowa amadziwa nambala yotsegulira. Ndine ndi iyeyo basi."

A Kalinde anayang'ana uku ndi uku. Zitini za penti zinalipo, zosatsegula. Timipeni ta a Victor tinali m'kapu mwake. Kuseri kwa tebulo lodindirapo kunali mipando yopinda isanu ndi itatu, yotsamira khoma. Ndipo patebulopo panali kathabwa ka a Victor ka misomali itatu, kamene kanada ndi penti wa zaka zambiri.

Anakagwira kathabwako. Ankakadziwa. Chikombole chilichonse chinali ndi timabowo titatu m'mphepete, ndipo umachikoleka pamisomaliyo kuti mtundu wachiwiri ugwere ndendende pa woyamba. Misomaliyo a Victor anaikhoma motalikirana mosiyana, mwa nzeru zawo.

"Mipandoyi inali kuno nthawi yonse?"

"Anabweza alamu anga a Judith Lamlungu, ine ndili ku shifti. Anabwereka pa phwando la ubatizo. Zimenezo zikukhudzana bwanji?"

"Anatsegula ndi chiyani?"

Mayi Kettie anakwinya nkhope. "Ndinawauza nambala pafoni. Bambo a Vanessa, amenewo ndi mlongo wake wa malemu, bere limodzi. Musandiyambitse nkhani za pachibale chifukwa cha kamtsikana kongobwera. Ndakaika kale pagulupu ya pafoni, aliyense akadziwe nkhope."

"Pagulupu ya Amalawi? Ya anthu mazana awiri ija?"

"Ndi chithunzi chomwe!"

A Kalinde anayang'ananso pashelefu paja.

"Mu envelopumo munali chinanso?"

Apa mawu a mayiwo anatsika. Anati zikombolezo sizinali za mapepala wamba. A Victor, amene anaphunzira ntchito yolemba zikwangwani ku Limbe, anabwera kuno ndi maekisireyi a chifuwa chawo chomwe, a nthawi imene anadwala chifuwa chachikulu. Analipo asanu ndi atatu. Asanu ndi awiri anawaboola nkhanga m'chaka chawo chomaliza. Ukawaloza kudzuwa, nthiti zawo zimaoneka kuseri kwa mbalamezo. Wachisanu ndi chitatu imfa inawapeza asanamukhudze.

"Ameneyo sindinkamuika ndi anzakewo. Anali payekha, m'kabati umu." Anatsegula kabatiyo, dzanja n'kuima m'malere.

Nayenso panalibe.

A Kalinde anatuluka panja akudzifunsa. Zikombole munthu angabe kuti akadindire. Nanga chifuwa cha munthu wakufa, chopanda bowo ndi limodzi lomwe, angachifune ndani?

A Kalinde anakamupeza Sungeni m'kanyumba komwera khofi pafupi ndi pokwerera mabasi, sutikesi ili pakati pa miyendo, foni ili chafufumimba patebulo.

"Mwabwera kudzandisecha, ankolo? Tsegulani. Muli mayunifomu ndi Baibulo."

"Ndabwera kudzafunsa. Lamlungu unali kuti?"

"Kuchalichi m'mawa, munandiona. Kenaka ku shifti kunyumba ya okalamba, kuyambira wani koloko mpaka naini. Kadi yanga inasaina, kafunseni. Dzulo ndinali m'kalasi tsiku lonse." Anatembenuza foni ija n'kuwakankhira. "Tawerengani. Anthu amene ndimaimba nawo kwaya! Uyu akuti ankandikayikira kale chifukwa cha mayendedwe. Mayendedwe! Uyu akuti atsikana a masiku ano. Mayi amene ndimakawasungira ana Lachinayi andilembera kuti ndisabwerenso. Amayi anga ku Mponela aimba kale kawiri, nkhani yafika kumudzi basi isanafike pa siteji."

"Pentiyo..."

"Miyezi khumi ndakhala ndikuwagwirira nsalu mayi amene aja. Msana kupweteka, osapempha kanthu, chifukwa ndimati ndi amayi anga a kuno. Ndimadziwa chikombole choyamba ndi chomaliza. Pamene kamlatho ka pakhosi kanaduka, amene anagwira tochi iwo akusoka ndi ulusi wa nayiloni ndine." Anawerama, maso ali psuu. "Ankolo, kathabwa ka misomali kanalipo?"

"Kanalipo."

"Ndiye ine ndine chitsiru? Ndingatenge zikombole n'kusiya thabwa? Popanda ilo mawanga sagwera pa nkhanga, amagwera kutchire. Ngati ndili wakuba, bola anditukwane ngati wakuba wodziwa ntchito!"

A Kalinde anali ataganiza kale zomwezo m'galaja muja, koma anafuna kuti zichokere m'kamwa mwake.

"Kodi pali wina amene anazipemphapo zikombolezi?"

Sungeni anatenga foni, n'kuyamba kukwera m'mwamba mwa mauthenga a pagulupu, kudutsa matukwano onse aja.

"Sindinganamizire munthu ngati mmene andinamizira ine. Ingoonani nokha. Anaposita Lamlungu madzulo."

Chinali chikalata chimene mayi Judith anaika pagulupupo, choitanira anthu ku chionetsero cha zovala Loweruka likudzalo, m'kati mwa mzinda wa Toronto. Wokonza zovalazo anali Conrad, mwana wa mayi Judith. Pansi pake analemba kuti kukubwera chodabwitsa chochokera kwa makolo.

"Nyamula sutikesi," anatero a Kalinde. "Chipinda cha Vanessa chili chokhachokha. Mayi akunyumba ndawauza kale."

Lachitatu a Kalinde anayendetsa galimoto mpaka ku Markham, kwa mlongo wake wa malemu. Mayi Judith anawalandira ndi manja awiri ndi tiyi wa mkaka. Anakwatiwa ku Lusaka zaka zambiri asanabwere kuno, ndipo Chinyanja cha kumeneko chinawakanirira palilime.

"Iyee, a Kalinde, nkhani yomvetsa chisoni maningi. Manje ana a masiku ano, muwasunga bwino, akulumani. Ine ninawauza alamu anga kudala, musamaike m'nyumba munthu wamene simudziwa mtundu wake."

"Ndamva munabweza mipando Lamlungu."

"Ee, ninapereka. Ninangotsegula chitseko pang'ono, n'kutsamiritsa pakhomo pomwepo. Kuzizira kuja munthu angaloŵe kufuna chani?"

"Simunalowe m'kati?"

"Olo phazi limodzi. Mulungu aona."

A Kalinde anapemerera tiyi wawo. Mipando ija anaiona ndi maso awo kuseri kwa tebulo, kukhoma lakumapeto, mapazi khumi kuchokera pachitseko. Mayi Kettie sakanaisuntha, phewa lawo linali lovuta chiyambire chaka chatha.

"Zikombolezo munaziwonapo?"

"Kuziona? Pamaliro ninazipempha! Pamaso pa anthu!" Kapu inagunda sosala. "A Kalinde, imwe ndimwe Mchewa, musadzipange mzungu chifukwa cha chipale. Kwathu mwamuna akafa, mpeni wake, nkhwangwa yake, luso lake, zipita kuti? Kwa mwana wa mlongo wake! Conrad ndiye wolowa m'malo mwa amalume ake. Manje mkazi wobwera achita kutseka zonse m'galaja, ati malamulo a kuno. Mafupa a achimwene anga, a mimba imodzi na ine, apakidwa penti monga chikwangwani cha pa golosale!"

"Ndi mafupa ati, mayi?"

"Nthiti zawo! Mpaka dzina lawo lilipo pakona, na tsiku lobadwa analakwitsa, analemba Juni m'malo mwa Julayi..."

Anadukiza. Anayamba kukonza nsalu ya patebulo imene inali yokonzeka kale.

A Kalinde anaika kapu pansi. Pa zikombole zisanu ndi ziwiri zija panalibe dzina. A Victor ankadula makona onse asanayambe kuboola, kuti zilingane ndi thabwa. Dzina linatsala pa ekisireyi imodzi yokha, yosaboola ija.

"Pali mtsikana amene Lachisanu akamutengera kupolisi," anatero mofatsa. "Alibe mlongo kuno, alibe malume."

"Nanga ine nichitepo chani? Nine mai wake?"

Pobwerera pa msewu waukulu, a Kalinde anapeza kuti manja awo afinya chiwongolero mpaka zala kuchita dzanzi. Anali munthu wosapsa mtima msanga, ndipo mkwiyo ukawafika unkabwera ngati madzi a m'dambo, mwakachetechete, kuyambira kumapazi. Komabe lilime la mayi Judith silinali umboni. Mayi Kettie sakanakhulupirira mawu. Pankafunika nsalu.

Lachinayi m'mawa anasiya galimoto, anakwera basi ndi sitima yapansi mpaka m'kati mwa mzinda. Conrad ankagwirira ntchito m'chipinda chapamwamba pa nyumba yakale ya njerwa, chimene ankagawana ndi anzake osoka. Anali mnyamata wa zaka makumi atatu, wamtali ngati amalume ake, wokulira konkuno. Chichewa chake chinali chothyokathyoka.

"Ankolo Bester! Wow. Muli bwanji? Mwabwera early, show ndi Saturday."

"Ndamva kuli chodabwitsa. Ndife okalamba, sitichedwa kufa. Ndionetseretu."

Conrad anaseka, n'kuvundukula nsalu imene inaphimba majekete asanu ndi limodzi opachikidwa pachitsulo. Kumsana kwa jekete lililonse kunali nkhanga.

A Kalinde anavala magalasi. Thupi la mbalameyo linali labuluu, pamalo pake. Koma mawanga oyera anatsetsereka, ena n'kugwera kunja kwa phiko ngati mpunga wotayika. Chipewa chofiira cha pamutu chinali lende kutsogolo kwa mlomo. Pa jekete lachiwiri mawanga anathawira kumchira. Panalibe ziwiri zofanana.

"Mawangawa bwanji akuthawa mbalame?"

"Ndi style, ankolo. Dala. Off-register, anthu amakonda."

"Wajambula ndani?"

"Ine. Pa kompyuta. Inspired by amalume, of course."

"Pa kompyuta." A Kalinde anagwedeza mutu ngati akuvomereza. "Mwana wanga Vanessa ali wamng'ono anafunsa amalume ako funso. Lero ndikufunsa iwe. Bwanji nkhanga zako zonse n'zoduka khosi?"

Conrad anayang'ana jekete, n'kuyang'ana a Kalinde.

"Ndi... design."

"Si dizayini. Ndi mlatho. Umakhalapo kuti pulasitiki isagwe pakati. Kompyuta ilibe chogwa, siifuna mlatho." Anaika chala pakhosi pa mbalameyo. "Ndipo yandikira. Ukuona timizere tiwiri toonda ngati tsitsi, todutsa apa? Ndi ulusi wa nayiloni. Mlathowu unaduka mwezi wa Novembala, amalume ako ali m'manda kale. Anasoka ndi azakhali ako a Kettie, wogwira tochi ndi mtsikana amene lero akutchedwa wakuba pa mafoni mazana awiri. Kompyuta yako inadziwa bwanji za ulusi umenewu?"

Makina osokera a kuchipinda chinacho anali atasiya kulira. Conrad ananong'ona.

"Mum anati auntie apereka. She said it's mine, ankolo. Mwa chikhalidwe. Nephew amatenga za malume."

"Chikhalidwe chimenecho ndimachidziwa kuposa iwe. Chimachitika masana, abale atakhala pansi, wamasiye ali pomwepo, ndipo amapereka ndi manja ake. Sichilowa m'galaja ndi nambala yobwereka mwini nyumba ali ku shifti. Pagulupu sulipo?"

"Ndinaika mute. Two years."

"Tsegula."

Conrad anatsegula foni. Anawerenga nthawi yaitali, chala chikutsika, nkhope ikugwa. Atafika pa chithunzi cha Sungeni anakhala pansi pa mpukutu wa nsalu.

"Oh God. Sindinadziwe. I swear."

"Kuti zabedwa mwina sunadziwe. Koma kuti sunajambule iwe unadziwa, ndipo Loweruka ukanaimirira pamaso pa azungu n'kuwerama akukuombera m'manja. Bweretsa."

Mnyamatayo anapita kusinki ya pakona, n'kubwera ndi envelopu yakhaki. Ankayenda ngati wanyamula mbale yodzaza.

"Ankolo, pali problem. Penti inauma pa zitatu. So ndinaviika m'madzi otentha ndi bleach. Overnight. Ndimafuna ziyere."

A Kalinde anasolola chikombole choyamba n'kuchiloza kuwindo. Nthiti za a Victor zinalipo, zotuwa ngati utsi, nkhanga ili pakati pake. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu chinali mbee. Nkhanga inalipo, timabowo titatu tinalipo, koma pulasitikiyo inali yoyera ngati galasi, moti ankaona nyumba za tsidya lina la msewu. Munthu uja anali atasukuluka n'kupita ndi madzi a musinki.

Anaona zitatu zotero. Anazibweza mu envelopu chimodzichimodzi.

"Yosaboola ija ili kuti?"

"Ili kwa mum. Ku bedroom. Anaika mu frame."

"Chotsa jekete limodzi pachitsulopo. Ndipita nalo. Enawo usawatulutse m'chipinda muno mpaka azakhali ako atanena."

Dzuwa linali likadalipo pamene a Kalinde anagogoda kwa aneba. Mayi Kettie anawalowetsa m'galaja. A Kalinde anayala jekete patebulo, pambali pa kathabwa ka misomali, n'kuika envelopu pamwamba pake.

Mayiwo anayamba ndi jekete. Anaona mawanga othawa, anaona khosi, anaona timizere ta ulusi wawo womwe. Kenaka anatsegula envelopu n'kuyamba kuloza zikombole kubabu, chimodzichimodzi, milomo ikuwerenga. Atafika pa choyera chija anachitembenuza, n'kuchitembenuzanso, ngati nthitizo zabisala kuseri.

"Victor," anaitana motsitsa, ngati munthu ali chipinda chinacho.

Kenaka chinaphulika.

"Judith! Mfiti ya mkazi! Amene ndinamusambitsira mlongo wake miyezi isanu ndi itatu iye akubwera ndi maluwa Lamlungu lokha! Anadya pano, analira pano, mamina ake ndinapukuta ndi chitenje changa! Lero wandiphera mwamuna kachiwiri! Bambo a Vanessa, tulutsani galimoto. Tikupita ku Markham pompano. Ayi, kupolisi kaye. Ndimumangitsa, iye ndi kamwana kake kosadziwa kupereka moni kaja!"

"Galimoto sindikutulutsa."

"Mwati bwanji?"

"Ndati sindikutulutsa." Mawu a a Kalinde sanakwere, koma mayi Kettie anali asanawamvepo akulankhula chotero pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zokhala moyandikana. "Lachiwiri ndinakufunsani za mipando, munati ndisakhudze abale. Munali ndi anthu awiri odziwa nambala. Wina ali ndi dzina, ali ndi mpando wakutsogolo kuchalichi, ali ndi pakamwa. Wina alibe aliyense. Munasankha amene sangakubwezereni."

"Zala zake zinali ndi penti!"

"Penti wanu! Wa masiponji anu! Mayi Mataka, inu mwadinda nsalu zaka zingati? Munalowa muno, munaona thabwa ili lili patebulo. Inu mwa anthu onse mukudziwa kuti wodziwa ntchitoyi sangalisiye. Munaliona kapena simunalione?"

Mayi Kettie anayang'ana kathabwako. Anakhudza msomali umodzi ndi chala.

"Ndinaliona," anatero potsiriza. "Ndinaliona Lolemba lomwelo. Koma ndikanati si iyeyo, ndiye kuti ndi..."

"Mwanayo ntchito ya Lachinayi yamuthera. Mayi ake ku Mponela sakudya. Mawa masana mukanamupereka kupolisi, ndipo sukulu yake ikanathera pomwepo, chifukwa choti inu mumaopa kuyang'anizana ndi alamu anu. A Judith anakuberani pulasitiki. Inu mwamubera mwana wa eni dzina, ndipo dzina silibwera mu envelopu."

Mayiwo anakhala pa umodzi mwa mipando yopinda ija, n'kudzidzimuka, n'kuimiriranso ngati wawawotcha. Anatsamira tebulo.

"Mwandilalatira m'nyumba mwanga, bambo a Vanessa."

"Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Ali kuti?"

"Kwathu. Akuwerenga, ali ndi mayeso Lolemba. Musapiteko lero, sakufuna kukuonani, ndipo ine sindimukakamiza."

"Ndifufuta pagulupu."

"Kufufuta n'kosavuta. Amene anawerenga anawerenga."

Kunja galimoto yothira mchere wosungunula chipale pamsewu inadutsa ikulira. Mayi Kettie anatola chikombole choyera chija, anachikoleka pamisomali itatu. Chinalowa ndendende, ngati kale. Anachisisita ndi chikhatho mpaka chinagona.

"Chidindabe," anatero. "Iyeyo mulibemo, koma chidindabe." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Chabwino. Kupolisi mawa sindipita. Pagulupu ndilemba lero, ndi dzina langa, kuti ndinanama. Ndipo Lamlungu, ikatha nthawi ya zolengeza, ndiimirira kutsogolo pamaso pa kwaya yake yomweyo, ndinene ndi pakamwa pangapa kuti Sungeni sanabe, wolakwa ndine. Abwerere kapena asabwerere m'nyumba muno, zimenezo n'zake. Koma ndinena."

"A Judith adzakhala pa mpando wakutsogolo."

"Akhale. Andiyang'ane." Anatembenuka, moto uja utabwereranso m'maso. "Koma nanunso mundilonjeze. Chifuwa cha mwamuna wanga sichigona ku Markham mpaka chikumbutso. Ndekha sindipitako, ndingachite zoti ndikagone m'selo."

"Mukaimirira Lamlungu, tikatuluka m'chalichi galimoto mudzaipeza pakhomo, injini ikulira. Ndikakulowetsani ndekha, ndipo sindikatuluka mpaka a Judith atachotsa ekisireyiyo m'felemu ndi manja awo. Mukapanda kuimirira, musadzagogodenso kwathu."

"Ndiimirira."

"Ndiye ndikupititsani."

Mayi Kettie anatambasula dzanja, lina litagwira pachigongono. A Kalinde analilandira. M'zikhadabo za mayiwo munali penti wabuluu yemweyo.